Musanagule makina a RO ndi DI, yezetsani kaye madzi anu

Ambiri amene amandiitana kuti ndiwaikire makina osefera madzi kuno ku Johannesburg amakhala atasankha kale. Amafuna RO (reverse osmosis, makina ochotsa mchere m'madzi) yophatikiza ndi DI (deionisation, sefa yochotsa kamchere kotsala), poti wogulitsa wawauza kuti palibenso choposa pamenepo. Ine ndimayamba ndi mafunso awiri: madzi anuwo akuchokera kuti, nanga mukufuna kuchita nawo chiyani?

Ngati ndi a pa mpope wa Johannesburg Water, kampani ya khonsolo yogawa madzi, ndi madzi amene imagula ku bungwe la Rand Water, otungidwa ku Vaal Dam, damu limene limalandiranso madzi ochokera kumapiri a ku Lesotho. Amatsukidwa ku Zuikerbosch ndi ku Vereeniging motsata SANS 241, muyezo wa madzi akumwa ku South Africa. Muyezowu umalola mchere wosungunuka, umene timautcha TDS, mpaka mamiligalamu 1 200 pa lita, ndipo madzi athu sayandikira n'komwe malire amenewo. Zimene anthu amadandaula nazo ndi fungo la klorini ndi matope amene amatuluka madzi akabwera atasowa kwa masiku angapo. Ziwirizi sefa yogwira dothi ndi sefa ya makala zimathana nazo popanda RO.

Mjigo ndi nkhani ina. Dera lino ndi la migodi yakale ya golide, ndipo madzi apansi akhoza kukhala ndi asidi, chitsulo kapena nitrate wochokera ku zimbudzi ndi feteleza. Nitrate ndi woopsa kwa makanda, komanso kuwiritsa sikumuchotsa. Pamenepa RO ndi yofunikadi, koma tumizani kaye madziwo ku labotale yovomerezeka ndi SANAS, bungwe lovomereza malabotale ku South Africa, chifukwa chitsulo chikachuluka chimatseka makinawo msanga.

Mtima wa RO ndi membrane, kachipepala kokulungidwa kamene madzi amakankhidwiramo mwamphamvu. Madzi amadutsa, koma mchere woposa 90 peresenti umatsalira n'kukokoloka kupita ku dreni. Apa pali zinthu zimene ogulitsa sakonda kutchula. Makina wamba amataya malita atatu kapena anayi pa lita imodzi ya madzi oyera. Mu mzinda umene matanki a khonsolo amauma kawirikawiri, zimandipweteka kuona madzi amenewo akupita pachabe, choncho ndimapempha eni nyumba kuti paipi yotayirayo tiilozetse m'chigubu, madziwo azikolopera kapena kuthira m'chimbudzi.

Membrane imafunanso presha. Pansi pa 2,8 bar imagwira ntchito mozengereza ndipo imataya madzi ochuluka. Amene muli m'mafulati a m'mwamba ku Hillbrow kapena ku Yeoville, ndi amene mumadalira thanki ya panja, yezetsani presha musanapereke ndalama. Ikakhala yochepa, tengani makina okhala ndi pampu, podziwa kuti magetsi akazima nayonso imaima. Nambala yolembedwa pa katoni, monga 75 GPD, ikutanthauza malita pafupifupi 280 pa tsiku, koma anayezera pa madzi ofunda madigiri 25. M'nyengo ya chisanu, mu June ndi July, musadabwe thanki ikamachedwa kudzaza.

Chinanso ndi ichi: Rand Water imagwiritsanso ntchito chloramine, mankhwala a klorini wophatikiza ndi amoniya, kuti madzi asaonongeke pa ulendo wawo wautali m'mapaipi. Klorini amawononga membrane, ndipo chloramine sachoka mosavuta pa makala wamba. Funsani makala otchedwa catalytic carbon, kapena sefa ziwiri za makala zotsatizana.

Nanga DI? Ndi timikanda ta resin timene timagwira kamchere kotsala RO ikamaliza, mpaka TDS ifike pa 0. Amafunikira madzi otere ndi oweta nsomba za m'nyanja ya mchere ndi ma coral, othira m'mabatire, ndi otsuka galimoto osafuna madontho pa penti. Pakumwa DI sionjezera chilichonse. Sipha tizilombo, madzi ake sakoma, ndipo resin imatha n'kumafuna ina. Ngati muli ndi nsomba, uzani pulambala aike kampope kakumwa pakati pa RO ndi DI, madzi a DI azituluka paokha.

Chenjerani ndi amene amayenda m'makomo ndi kachipangizo kamagetsi ka timitengo tachitsulo, n'kukaviika m'tambula ya madzi anu mpaka atade bii. Dothilo ndi dzimbiri lochokera ku chitsulo chawo chomwecho. Madzi a RO sada chifukwa alibe mchere wonyamula magetsi, basi. Ngakhale kamita ka TDS kamangowerenga mchere, sikaona mabakiteriya. Madzi okhalitsa m'thanki amataya klorini, ndipo kumeneko chofunika ndi nyali ya UV yopha tizilombo.

Pogula, funsani ngati makinawo ali ndi chiphaso cha NSF/ANSI 58, chosonyeza kuti makina a RO anayesedwa bwino, ndipo sankhani a masefa a mainchesi 10, opezeka m'sitolo iliyonse ya mapaipi. Masefa oyambirira amasinthidwa pakatha miyezi isanu ndi umodzi, membrane pakatha zaka ziwiri kapena zitatu, ndiye werengerani ndalama imeneyo. Ngati mukuchita lendi, kambiranani ndi landilodi musanaboole sinki.