Lupu ya kopa kapena ya mahomoni? Yambani mwaganizira za msambo wanu

Pa benchi ya kusikelo ya kulera amayi amakamba za jakisoni, za kachipangizo ka pamkono, mwinanso za kutseka. Lupu, kachipangizo kolerera koikidwa m'chiberekero, imatchulidwa mwa apo ndi apo, ndipo ikatchulidwa pamatsatira nkhani yoopsa imene wina anamva kwa wina. Kafukufuku wa zaumoyo wa dziko lonse la Malawi wa 2015 mpaka 2016 anapeza kuti mwa amayi 100 alionse a pabanja, pafupifupi 30 anali pa jakisoni, koma wa lupu anali mmodzi yekha. Chonsecho lupu ili m'gulu la njira zodalirika kwambiri: mwa amayi 100 oigwiritsa ntchito kwa chaka chathunthu, wotenga pakati safika ndi mmodzi yemwe.

Dzina lakuti lupu linachokera ku kachipangizo kopindikapindika ka m'zaka za m'ma 1960 kotchedwa Lippes Loop. Dzinalo linakanirira, koma za masiku ano sizopindika ayi. Ndi kapulasitiki kofewa kooneka ngati chilembo cha T, kafupi kuposa kamtengo ka machesi, kokhala ndi tizingwe tiwiri kumunsi kwake. Zilipo za mitundu iwiri, ndipo apa ndi pamene mayi amayenera kusankha.

Lupu ya kopa, imene pa paketi yake pamalembedwa Copper T 380A, ndiyo yofala m'zipatala zathu. Anaikulunga ndi kawaya ka mkuwa (kopa), ndipo mulibe mankhwala alionse. Mkuwawo umafooketsa mbewu ya abambo kuti isakumane ndi dzira. Thupi limapitiriza kuyenda monga mwa kale, mayi amatulutsa dzira mwezi ndi mwezi, msambo umabweranso pa masiku ake. Imagwira ntchito zaka 10, ndipo malangizo a bungwe loona zaumoyo padziko lonse la WHO amati imatha kufika zaka 12.

Lupu ya mahomoni, imene mungaimve ndi maina monga Mirena kapena Avibela, ili ndi mankhwala otchedwa levonorgestrel, omwenso ali mu Jadelle wa pamkono. Imatulutsa mankhwalawo pang'onopang'ono m'chiberekero momwemo, moti ofika m'magazi ndi ochepa kwambiri poyerekeza ndi a mapiritsi. Mankhwalawo amakhuthalitsa chikazi cha pakhomo la chiberekero kuti mbewu ya abambo isadutse, komanso amapepukitsa kamnofu koyala m'kati mwa chiberekero. Imakhala zaka 5 mpaka 8 malinga ndi mtundu wake, choncho tsiku lochotsa muzimva kwa amene wakuikaniyo.

Funso lenileni

Anthu ambiri amafunsa kuti yamphamvu ndi iti. Pa kuteteza mimba zimasiyana pang'ono zedi, moti si chifukwa chokwanira chosankhira ina n'kusiya inzake. Pamene zimasiyana kwenikweni ndi pa msambo, ndipo zimakokera kosiyana: ya kopa imaonjezera magazi, ya mahomoni imachepetsa.

Nchifukwa chake namwino wodziwa ntchito yake amayamba wakufunsani za kumwezi. Mumasamba masiku angati? Mumasintha nsalu kapena padi kangati pa tsiku? Mumadzuka usiku kukasintha? Mumatuluka zimbulumbulu za magazi? Cham'mimba chimakugonetsani mpaka kujomba kumunda kapena kuntchito? Musayankhe kuti "bwinobwino" chifukwa cha manyazi. Amayi ambiri amene amataya magazi ochuluka amaona ngati ndi mmene mkazi aliyense amakhalira, poti anayamba choncho kuyambira ali namwali ndipo amayi awo analinso choncho.

Ngati mumasamba masiku atatu kapena anayi, magazi apakatikati, ululu wosadetsa nkhawa, lupu ya kopa ingakuyanjeni. Yembekezerani kuti miyezi itatu mpaka isanu ndi umodzi yoyamba magazi achulukirako, masiku atalikirako, ndipo cham'mimba chilimbirako. Kwa ambiri zimenezi zimadzachepa, ngakhale kwa ena msambo umakhalabe wochulukirapo kuposa kale. Bulufeni amathandiza pa ululu komanso amachepetsako magaziwo. Asipirini mupewe pa masiku amenewa, chifukwa amapangitsa magazi kuchedwa kuundana.

Koma ngati mumasamba kale mlungu wathunthu, chitenje chachiwiri chili m'chikwama kuopa kuchita manyazi m'minibasi, kuonjezerapo lupu ya kopa n'kudzipalira mavuto. Kafukufuku yemwe uja anapeza kuti mayi mmodzi mwa atatu alionse a zaka 15 mpaka 49 m'Malawi anali ndi vuto la kuchepa magazi. Malungo, njoka za m'mimba, kubereka pafupipafupi ndi zakudya zosakwanira zimakhala zitadya kale magazi a mayi. Ngati mumamva chizungulire mukadzuka, mtima ukugunda mukakwera kachitunda ndi ndowa pamutu, m'maso ndi m'zikhatho muli mbuu, pemphani akuyezeni magazi musanasankhe. Kwa mayi wotere lupu ya mahomoni imagwira ntchito ziwiri, kulera ndi kuchiza. Madokotala amaipereka ngakhale kwa amayi osafuna kulera, pongofuna kuchepetsa magazi ndi ululu wa kumwezi.

Nayonso ili ndi zake, ndipo ndi bwino kuzimva lero kusiyana n'kudzadzidzimuka nazo. Miyezi itatu mpaka isanu ndi umodzi yoyamba imatopetsa: timagazi todontha mosadziwika tsiku, lero tabwera, mawa tasiya, mkuja tayambanso. Ambiri amene amaichotsa msanga amaichotsera pamenepa, atatsala pang'ono kuona ubwino wake. Nthawi imeneyi ikadutsa, msambo umachepa kwambiri, ndipo pakutha pa chaka pafupifupi mayi mmodzi mwa asanu amasiyiratu kusamba. Ena amatuluka ziphuphu, mawere amawawa, mutu umapweteka, kapena amaona kuti sakusangalala monga kale. Izi zimachitika kwa ochepa, koma zikakuchitikirani musazipirire chamumtima, kanenani.

Pa nkhani yosiya kusambayi mpofunika kuimapo pang'ono, chifukwa ndi imene imaopsa anthu. Mumva kuti magazi oipa akuunjikana m'mimba ndipo adzasanduka chotupa. Sizili choncho. Magazi a msambo sakhala penapake kudikira tsiku lotuluka. Mwezi uliwonse chiberekero chimayala kamnofu kokonzekera mimba, ndipo mimba ikapanda kukhala kamnofuko kamayoyoka n'kutuluka ngati magazi. Lupu ya mahomoni imachititsa kuti kamnofuko kasakhuthale, ndiye palibe choti chituluke. Mayi woyamwitsa mwakathithi amatha miyezi osasamba, ndipo palibe amene amati akuunjika magazi. Komabe alipo amayi amene mtima wawo sukhala m'malo akapanda kuona msambo, amangoganiza kuti aima. Ngati ndinu mmodzi wa iwo, chimenecho ndi chifukwa chomveka chosankhira ya kopa, ndipo palibe amene ayenera kukunyozani nacho.

Zina zimene zingakuthandizeni kusankha

Lupu ya kopa imayamba kuteteza tsiku lomwelo. Ikaikidwa pasanathe masiku 5 chigonanireni mosadziteteza, imagwiranso ntchito ngati njira yapangozi, ndipo imaposa mapiritsi apangozi. Ya mahomoni ikaikidwa patadutsa masiku 7 chiyambireni msambo, gwiritsani ntchito kondomu kapena dziletseni kwa masiku 7 otsatira.

Mayi amene ali ndi khansa ya m'mawere, kapena anadwalapo, asankhe ya kopa. Chimodzimodzi amene ali ndi matenda aakulu a chiwindi. Oyamwitsa atha kugwiritsa ntchito iliyonse mwa ziwirizi, mkaka suchepa. Atsikana ndi amayi amene sanaberekepo nawonso ndi ololedwa, ngakhale ena amawabweza ponena kuti lupu ndi ya ntchembere zokha.

Amene mukumwa ma ARV kapena mankhwala a TB, apa pali mwayi. Mankhwala monga efavirenz ndi rifampicin amafooketsa kachipangizo ka pamkono, koma lupu zonse ziwiri zimagwirabe ntchito yake. Amene sanayambe ma ARV ndipo akudwalika kwambiri ayambe alandira chithandizo, lupu idzabwere thupi litabwerera. Kafukufuku wa ECHO, amene zotsatira zake zinatuluka mu 2019, anatsata amayi oposa 7,800 ku Zambia, South Africa, Kenya ndi Eswatini, ndipo sanapeze kusiyana kwenikweni pa kutenga HIV pakati pa ogwiritsa ntchito lupu ya kopa, jakisoni wa Depo ndi Jadelle. Dziwani kuti lupu siteteza ku HIV, chinzonono kapena chindoko. Imeneyo ndi ntchito ya kondomu.

Pali nthawi zimene lupu ya mtundu uliwonse siikidwa: ngati mwina muli ndi pakati, ngati mukutuluka magazi osadziwika chifukwa chake, ngati muli ndi chinzonono kapena matenda a m'chiberekero amene sanachizidwe, ngati mwapezeka ndi khansa ya khomo la chiberekero, kapena ngati zotupa zapotoza m'kati mwa chiberekero. Matenda opatsirana pogonana akachizidwa mutha kudzabweranso.

Kapezekedwe nakonso kamalamula. Ya kopa imaperekedwa ulere m'zipatala za boma zimene zili ndi namwino wophunzitsidwa kuika, komanso imapezeka ku Banja La Mtsogolo. Ya mahomoni imapezeka m'zipatala zina zokha, ndipo m'zipatala zolipira imakwera mtengo kuposa inzake. Funsani mlangizi wa zaumoyo wa m'dera lanu musanawononge ndalama ya kabaza.

Tsiku loika ndi pambuyo pake

Simugonekedwa m'chipatala ndipo sakuchitani opaleshoni. Mumagona chagada monga poyezetsa khansa ya khomo la chiberekero, namwino n'kutsegula njira ndi kachipangizo kamene amagwiritsa ntchito poyeza khansayo, kuyeza kuya kwa chiberekero, kenako kulowetsa lupu kudzera mu kapaipi kakang'ono. Zonse zimatha m'mphindi zochepa. Kunena zoona, zimawawa. Ena amangomva kutsina, ena amamva cham'mimba champhamvu, makamaka amene sanaberekepo. Idyani kanthu musanapite, tengani padi, ndipo funsani za mankhwala ochepetsa ululu asanayambe. Mukamva chizungulire, pumani kaye pa bedipo musanadzuke.

Amene muli oyembekezera mutha kukambirana nkhaniyi kusikelo musanachire. Lupu imaikidwa pasanathe maola 48 mwana atabadwa, kapena pa opaleshoni yobereketsa pomwepo. Maola amenewa akadutsa, dikirani mpaka patatha milungu inayi.

Lupu siyenda m'thupi kukafika kumtima kapena kumutu. Zimene zimachitikadi ndi ziwiri. Imatha kutuluka yokha, makamaka miyezi yoyamba pa nthawi ya msambo, ndiye muziyang'ana pa nsalu kapena padi musanataye. Ndipo mwa amayi pafupifupi 1,000, mmodzi imatha kumuboola khoma la chiberekero pa nthawi yoika.

Tizingwe tija amatidula kusiya pafupifupi masentimita atatu, ndipo pakapita nthawi timafewa n'kudzipinda kuseri kwa khomo la chiberekero. Bambo akunyumba akamadandaula kuti akumva kulasa, musakoke nokha, pitani akakonze. Mukafuna mwana, namwino amakoka tizingwe tomweto, lupu n'kutuluka, ndipo mutha kuima mwezi womwewo. Simufunika kudikira kuti zaka zikwane, kapena kupereka chifukwa, kuti akuchotseni.

Bwererani kuchipatala pakatha milungu itatu mpaka isanu ndi umodzi kuti akaone ngati ili m'malo. Koma musadikire tsiku limenelo mukamva kupweteka kwambiri m'munsi mwa mimba, kutentha thupi, chikazi chonunkha, ululu pogonana, magazi odzaza padi ola lililonse, kapena mukakhudza kapulasitiki kolimba pakhomo la chiberekero. Amene muli pa lupu ya kopa, mukadumphitsa mwezi kayezetseni mimba msanga. Kutenga pakati uli ndi lupu sikuchitikachitika, koma zikatero mimbayo imatha kukhala kunja kwa chiberekero, ndipo imeneyo ndi ngozi yofunika kuthamangira nayo kuchipatala tsiku lomwelo.

Musanatuluke m'chipinda, onetsetsani kuti m'buku lanu la kuchipatala alembamo mtundu wa lupu, tsiku loika ndi chaka chochotsa. Zaka khumi n'zambiri, ndipo namwino amene adzakuchotseniyo mwina pano ali ku pulayimale.