Pini kapena nambala yachinsinsi: tibwereke mawu ati?

Mukaima pamene amakonzera mafoni mumsika wa Limbe, mumva tchaja, batire, netiweki, mayunitsi. Ena amati kumeneku n'kupha Chichewa. Komatu nsapato ndi kalata tinatengera kwa Apwitikizi kalekale, ndipo lero palibe amene amaona mawuwa ngati alendo.

Mawu obwereka amasanduka athu akagonjera malamulo athu. Poyamba amasintha katchulidwe, chifukwa mawu a Chichewa amathera ndi a, e, i, o kapena u. N'chifukwa chake timati netiweki, intaneti. Kenaka amalowa m'gulu la mayina: foni yanga, mafoni anga. Akakhala mneni amayamba kubereka: kutchaja, kutchajitsa, kutchajira mnzako, yatchajidwa. Mawu ofika pamenepa akhazikika, kuwathamangitsa n'kutaya nthawi.

Ntchito yosamalira chiyankhulo ndi yakale. Chichewa Board inakhazikitsidwa mu 1972, ndipo mu 1996 ntchitoyo inapita ku Centre for Language Studies ku Zomba. Koma akatswiri sangalamule pakamwa pa anthu. Mawu opekedwa mochedwa, chinthu chitafala kale ndi dzina lake, sagwira. Ngakhale mawu akale amatha kugonja. Onani lamya, dzina lakale la foni: amamveka pawailesi ndi kwa akuluakulu, koma mu minibasi ya ku Ndirande aliyense amati foni.

Pamene tiyenera kulimbikira Chichewa ndi pa mawu ouza munthu chochita, makamaka pa ndalama. Gogo wolandira ndalama pa Mpamba kapena Airtel Money mukamuuza kuti "ikani pini", waphunzira dzina chabe, ndipo akhoza kuitchula mokweza pamaso pa ejenti ndi onse ali pamzere. Mukati "nambala yachinsinsi", chenjezo lili m'dzina momwemo. Akuba oimba foni n'kunamizira kuti ndi a kukampani amapezerapo mwayi pa munthu amene sanamvetse kuti nambalayi sauza wina aliyense, ngakhale mwana wake.

Choncho womasulira uthenga wa pafoni asiye mayina a zipangizo mmene anthu amawatchulira, koma malangizo awalembe m'Chichewa chomveka: tsimikizani, bwererani, ndalama zotsala. Asankhe mawu amodzi pa chinthu chimodzi, osati apa pasiwedi, apo mawu achinsinsi, chifukwa wowerenga amayesa ndi zinthu ziwiri. Akamaliza, awerengere anthu angapo osadziwa Chingerezi, n'kuona ngati akudina poyenera popanda wowalozera.