Mbawala za ku Nara: zopatulika kukachisi, zowononga kumunda

Alendo ambiri amene amagona ku Kyoto kapena ku Osaka m'dziko la Japan amapatula tsiku limodzi loti akaone mzinda wa Nara. Pa sitima ya pamtunda ya kampani ya Kintetsu ulendo wake sukwana ndi ola limodzi lomwe. Ukangotuluka pasiteshoni n'kuyenda pang'ono chakummawa, umayamba kukumana ndi mbawala zili ndawala pamsewu, zina zitagona pakhomo pa sitolo, zina zikuwerama mutu pamaso pa munthu amene wagwira chakudya. Mu paki ya Nara muli mbawala zoposa 1,000, ndipo palibe mpanda wozitchinga.

Kuti nyama zakutchire zifike pozolowera anthu chonchi, nkhani yake inayamba kale. Nara linali likulu la Japan kuyambira mu 710 mpaka 784. M'zaka zimenezo mfumu Shomu inamangitsa kachisi wa Todai-ji, mmene muli chiboliboli cha Buddha chotalika mamita pafupifupi 15, chimene anachipatula mu 752. Banja lamphamvu la Fujiwara nalo linali ndi kachisi wake wa chipembedzo cha Shinto, Kasuga Taisha, amene anakhazikitsidwa mu 768. Amati mulungu wina, Takemikazuchi, anabwera kudzakhala pamalopa kuchokera ku Kashima, dera lakutali kummawa kwa Japan, atakwera mbawala yoyera. Kuyambira pamenepo mbawala za m'deralo zinkatengedwa ngati atumiki a milungu.

Ulemu umenewu unali wokoma kwa ansembe, koma kwa munthu wamba unali goli. Kwa zaka mazana ambiri, wopha mbawala ankatha kuphedwa nayenso. Pali nthano ya mnyamata wina, Sansaku, amene akuti anagenda mbawala imene inkamudyera pepala lophunzirira kulemba. Mbawalayo inafa, ndipo iye anamukwirira wamoyo ndi miyala pamodzi ndi mtembo wa nyamayo. Nthabwala yakale imanenanso kuti anthu a ku Nara anali olawirira kudzuka, chifukwa aliyense ankafuna kuona ngati pakhomo pake pafera mbawala, kuti aikokere kwa mnansi akuluakulu asanadziwe. Ndi nthano chabe, komabe anthu sapeka nthabwala yotero pa chinthu chimene sakuchiopa.

M'zaka za m'ma 1670 akuluakulu a mzindawu anayamba kudula nyanga za mbawala zamphongo, poona kuti nthawi yokwerana zinkavulaza anthu. Mwambowu ukuchitikabe chaka ndi chaka. Amuna otchedwa seko amathamangitsa mphongo m'bwalo, kuikola nyanga ndi chingwe, kuigoneka pamphasa mutu uli papilo, kenaka wina wovala zaunsembe amaimwetsa madzi kuti mtima ukhale pansi asanadule nyanga ndi sowo. Nyangazo zimakhala zitakhwima kale, choncho magazi satuluka, ndipo chaka chotsatira zimaphukanso.

Nkhondo yachiwiri ya dziko lonse inatsala pang'ono kutha mbawalazi. Njala itavuta, kupatulika kunaiwalika ndipo zambiri zinathera mumphika, moti pofika mu 1946 zinatsala 79 zokha. Mu 1957 boma linaziika m'gulu la zachilengedwe zotetezedwa ndi lamulo, zikuyambanso kuswana.

Apa ndi pamene panabukira mkangano umene mlendo wa tsiku limodzi saumva. Mbawala siidziwa malire a paki. Usiku zinkalowa m'minda ya mpunga ndi ndiwo zamasamba, mlimi wosaloledwa kuzikhudza. Mu 1979 alimi anakasuma kukhoti kufuna chipukuta misozi, ndipo funso lovuta linali lakuti mwini wake wa nyamazi ndani: kachisi, bungwe lozisamala, kapena boma? Aliyense ankafuna ulemu wake, koma pa ngongole onse ankabwerera m'mbuyo. Mlanduwo unatha ndi mgwirizano mu 1985, ndipo dera analigawa zigawo: pafupi ndi kachisi chitetezo chokhwima, kutali kocheperako. Ngakhale zinatero, mpaka mu 2017 m'pamene boma la chigawo cha Nara linayamba kutchera ndi kupha zina za m'madera akutali. Ena anadandaula kuti akupha atumiki a milungu. Ine ndimaona kuti mlimi amene anadikira zaka zonsezo ali ndi mfundo, popeza ndalama za alendo zimagwera m'tauni pamene kumunda kumangotsala ziputu.

Nawonso alendo abweretsa mavuto awo. Chakudya chovomerezeka kupatsa mbawala ndi shika senbei, timabisiketi topyapyala ta ufa wa tirigu ndi madeya a mpunga, topanda shuga. Timamangidwa ndi kapepala kamene ndalama zake zimathandiza bungwe losamala mbawala. Ukagula, pereka msanga. Ukamanyengezera kuti ujambule chithunzi chabwino, ikukoka malaya kapena kukuluma kumene. Choopsa kwambiri ndi majumbo: mu 2019 mbawala zingapo zinafa, ndipo m'mimba mwa ina anapezamo pulasitiki wolemera makilogalamu oposa 4.

Njala ikakupweteka iwe mwini, funa kakinoha-zushi. Chigawo cha Nara chilibe nyanja, ndiye kale nsomba yotchedwa saba inkabwera kuchokera kugombe kudutsa m'mapiri itathiridwa mchere wambiri. Anthu a ku Yoshino, dera lamapiri m'chigawochi, ankaidula mopyapyala, kuiika pa kambamu ka mpunga, kukulunga m'tsamba la mtengo wa zipatso wotchedwa kaki n'kutsendereza usiku wonse kuti isaonongeke msanga. Tsambalo sadya, amangofutukula. Palinso narazuke, mavwende ndi nkhaka zoviikidwa nthawi yaitali m'masese a mowa wa mpunga wotchedwa sake mpaka zitada bii. Fungo la mowa limamveka ndithu, ndipo amadya tizidutswa tochepa ndi mpunga. Ngati mwagula zoti mukadyere mu paki, khalani poti mbawala sizifika msanga, ndipo jumbo mubwerere nalo m'chikwama, chifukwa mabini a zinyalala ndi osowa kumeneko.