Kudula mchombo mwachangu kumamumana mwana magazi ake

Ambiri amaganiza kuti mwana akangobadwa mchombo uyenera kumangidwa ndi kudulidwa pompopompo, ati magazi otsala mu nsengwa ndi oipa. Si zoona. Magaziwo ndi a mwanayo, ndipo amapitirira kulowa m'thupi mwake mchombo ukamagundabe. Mukaugwira mumamva kugundako. Magazi akamatha umayera n'kufota.

Bungwe loona zaumoyo padziko lonse la WHO limalangiza kudikira mphindi 1 mpaka 3 musanaumange, ngakhale mayi atakhala ndi HIV. M'kanthawi kameneka mwana amalandira magazi pafupifupi mamililita 80 mpaka 100, kutanthauza ayironi (mchere wothandiza kupanga magazi) amene thupi lidzagwiritse ntchito kwa miyezi ingapo. Mzamba angadule msanga pokhapokha mwana sakupuma ndipo akufunika kumutsitsimutsa.

Kudikiraku n'kofunika chifukwa mkaka wa m'mawere, ngakhale ndi wabwino kopambana, uli ndi ayironi wochepa. Mwana amadalira nkhokwe imene anabadwa nayo, ndipo imachepa akamakwanitsa miyezi 6. Koma zimenezi sizikutanthauza kumuyambitsa phala ali ndi miyezi itatu. Phala lamadzimadzi limangodzaza mimba, mwana amayamwa pang'ono, ndipo kutsekula m'mimba kumayamba.

Akakwanitsa miyezi 6, yambani kumupatsa phala masupuni aakulu awiri kapena atatu, kawiri kapena katatu pa tsiku, uku akuyamwabe. Phalalo likhale lolimba, losayenderera pasupuni. Thirani ufa wa usipa, chiwindi chopsa bwino chophwanyaphwanya, dzira kapena nyemba, ndipo mumpatsenso mango kapena papaya kuti thupi litenge ayironi mosavuta. Tiyi ayi: amatchinga ayironi. Mwana wobadwa masiku osakwana afunika mankhwala a ayironi ochokera kuchipatala.