Kambale kotchajira kamadziwa bwanji kuti mwaikapo foni?

Bambo wina anandibweretsera tchaja yopanda waya, kambale kaja mumangosanjikapo foni, akudandaula kuti yafa poti kanyali kake kankangophethira. Titavula kava ya foniyo, tinapezamo ndalama yachitsulo yomwe anali ataiiwala kalekale. Tchajayo inalibe vuto. Inkakana dala.

Ambiri amaganiza kuti kambaleka kamamva kulemera kwa foni, kapena kali ndi kabatani kobisika. Ayi ndithu. Mkati mwake muli waya wa mkuwa wopotedwa ngati nkhata, ndipo kumsana kwa foni kulinso nkhata ina. Magetsi osinthasintha akamadutsa mu nkhata ya pansi amabala mphamvu ya maginito, mphamvuyo n'kudzutsa magetsi mu nkhata ya foni. Nzeruyi ndi yakale, anaitulukira Michael Faraday mu 1831. Chatsopano ndi lamulo lomwe matchajawa amatsata, lotchedwa Qi, lomwe bungwe la Wireless Power Consortium linatulutsa mu 2010.

Pakakhala popanda kanthu, kambaleka sikamwaza mphamvu pachabe. Kamachita ngati mlendo pakhomo: pafupipafupi kamatumiza kamphamvu kochepa kwambiri, ngati kunena kuti odi, n'kumvetsera. Pakakhala chitsulo chilichonse pamwamba, magetsi a mu nkhata muja amasintha kayendedwe, ndipo kamadziwa kuti pali chinthu. Koma chinthu chanji, foni kapena supuni? Apa kamagogodanso mwamphamvuko, mphamvu yokwanira kudzutsa kachipangizo kolandira magetsi ka m'foni ngakhale batire litatheratu, n'kudikira yankho kwa kanthawi kosakwana n'komwe sekondi imodzi.

Kayankhidwe ka foni ndiko kamandisangalatsa pa ntchito yonseyi. Sigwiritsa Bluetooth, sigwiritsa Wi-Fi. Imangosinthasintha kakokedwe kake ka magetsi, kukoka kwambiri, kukoka pang'ono, mofulumira zedi. Taganizani anthu awiri agwira chingwe uku ndi uku: mmodzi akamachigwedeza, mnzake amamva m'manja popanda kuuzidwa mawu. Kambale kamamva kugwedezako mu nkhata yake n'kukuwerenga ngati uthenga. Supuni singagwedeze chingwe, choncho kambale kamangoisiya.

Foni ikayankha, imadzitchula kuti ndi yotani ndiponso ikufuna mphamvu yochuluka bwanji. Kuchokera pamenepo wolamula ndi foni. Nthawi yonse yomwe ili pakambale imatumiza mauthenga akuti onjeza, chepetsa, pakwana. Mukainyamula mauthengawo amaduka, ndipo kambale kamazimitsa kokha n'kubwerera ku odi wake uja.

Tsono tibwerere ku ndalama ya bambo aja. Vuto lake linali lakuti foni inkayankha bwinobwino, koma pakati panali chitsulo chomwe chinkamwa gawo la mphamvu n'kumatentha. Chitsulo chotere chingathe kutentha mpaka kuwotcha chala kapena kusungunula kava. Pofuna kupewa zimenezi, kambale kamawerengera ngati wa pagolosale madzulo: foni imanena zomwe yalandira, kambale kamafananitsa ndi zomwe katumiza. Zosowa zikachuluka kupyola muyezo, kamaleka kutchaja, ndipo matchaja ambiri amaonetsa zimenezi pophethiritsa kanyali.

Mawerengedwe omwewa nthawi zina amanamizira foni yosalakwa. Kava yokhuthala kwambiri, kapena foni yoikidwa chakumbali moti nkhata ziwirizo sizinayang'anizane, zimatayitsa mphamvu, kambale n'kuganiza kuti pali khobidi. N'chifukwa chake mumadzuka m'mawa n'kupeza foni yafunda koma batire silinadzaze. Apple inathana nazo mu 2020 poika maginito mozungulira nkhata ya iPhone 12, njira yomwe anaitcha MagSafe, kuti foni izikhala yokha pamalo pake. Qi2, mtundu watsopano wa lamulo la Qi lija womwe unatuluka mu 2023, inatengera njira yomweyo, ndipo poyamba inkatchaja mpaka mawati 15.

Ine ndimati kanyali kakayamba kuphethira, musathamangire kugula tchaja ina. Chotsani kava, onani ngati mulibe ndalama, kiyi, kapena kachitsulo kaja amamatira kumsana kuti foni izigwira pagalimoto. Makhadi a ku banki nawonso asamakhale pakati pa foni ndi kambale, angawonongeke. Mukatero ikani foniyo pakatikati, ndipo patapita mphindi zochepa muikhudze kumsana kuti mumve ngati yatentha mopitirira.