Ayi abale, ophunzira a ku yunivesite aja si anamapopa

Abale anga a ku Salima kuno, nkhani ikuyenda pa WhatsApp ija yoti anyamata ovala magolovesi omwe amatunga madzi m'timabotolo ku Senga Bay ndi anamapopa, ena akuti akuthira mankhwala m'nyanja kuti chambo chithe, ndi bodza lamkunkhuniza ndipo zikundiwawa mtima. Anyamatawa ndi ophunzira a ku yunivesite omwe akuchita kafukufuku.

Vuto ndi loti ambirife tikamva zoti sayansi timangoganiza za udokotala basi. Komatu yunivesite imakhala ndi madipatimenti ambirimbiri. Ku LUANAR, ku Bunda kuja, kuli ophunzira za nsomba, nthaka, mbewu ndi ziweto. Ku UNIMA ku Zomba kuli chemistry, biology, physics mpaka za miyala. KUHeS ndiye za umoyo. Ndiye otunga madziwo amakawayeza ku labu kuti aone ngati muli tizirombo ngati ta kolera, ena amatola nkhono m'mphepete mwa nyanja poti ndi zomwe zimasunga tizirombo ta likodzo, matenda aja ana athu okonda kusambira amakodza nawo magazi. Kafukufuku si wachilendo kwathu kuno ayi, ku Lifuwu a boma amafufuza za mpunga, ku Chitala za mbewu zina.

Zamagazizo, wofufuza saloledwa kukutengani magazi musanavomere nokha, ndipo kukana ndi ufulu wanu. Mukawakayikira afunseni kalata yowaloleza kuchita kafukufuku kapena kafunseni amfumu, osathamangira kutola miyala chonde. Mu 2017 ku Mulanje ndi Phalombe anthu anaphedwa chifukwa cha mphekesera yomweyi ya anamapopa.