Maphunziro a Ntchito ku America: Lamulo Ndi Limodzi, Zigawo Ndizo Zimaliyendetsa

Kodi ndi lamulo liti?

Ndi Workforce Innovation and Opportunity Act, mwachidule WIOA, lamulo lothandiza anthu kuphunzira ntchito ndi kupeza ntchito. Pulezidenti Barack Obama analisayinira mu July 2014, ndipo linalowa m'malo mwa lamulo la 1998. Ndalama zimachokera ku boma lalikulu ku Washington, koma ntchito yeniyeni ili m'manja mwa zigawo (ma state).

Nanga chigawo chimayambira pati?

Bwanamkubwa amasankha bodi ya chigawo, ndipo mamembala oposa theka ayenera kukhala oimira mabizinesi. Bodiyi imathandiza kulemba pulani ya zaka zinayi, yomwe imaunikidwanso pakatha zaka ziwiri. Bwanamkubwa amaloledwa kusunga mpaka 15 peresenti ya ndalamazo kuti zigwire ntchito zokhudza chigawo chonse. Pa ndalama za anthu ochotsedwa ntchito, angapatulenso mpaka 25 peresenti zothamangira nazo kumene kampani yatseka kapena yachotsa anthu ambiri. Zotsalazo zimapita ku mabodi a m'madera, omwe amayang'anira maofesi othandiza ofuna ntchito ndi maphunziro, otchedwa American Job Center.

Kodi aliyense wofuna kuphunzira amalipiriridwa?

Ayi. Ndalama zikatha m'dera, zatha. Oyamba kuthandizidwa ndi asilikali opuma, olandira chithandizo cha boma, opeza movutikira komanso amene kuwerenga ndi masamu zimawavuta.

Kodi ambiri amagwa pati?

Pa kusankha sukulu. Wovomerezedwa amapatsidwa akaunti ya maphunziro, koma ndalama zake zimalipira kosi yokhayo yomwe ili pa mndandanda wa chigawo. Kulembetsa kaye kusukulu n'kupita ku ofesi pambuyo pake n'kudziika pangozi ya ngongole. Yambirani ku ofesi, onani mndandandawo, ndipo funsani malire a ndalama, poti amasiyana dera ndi dera. Ilipo njira inanso imene anthu saifunsa kawirikawiri: kuphunzira uli pantchito. Olemba ntchito amabwezeredwa mpaka theka la malipiro anu, mwinanso mpaka 75 peresenti.

Washington imadziwa bwanji kuti zikuyenda?

Chigawo chimapereka lipoti: angati ali pantchito m'kota yachiwiri ndi yachinayi (kota ndi miyezi itatu) chitulukireni m'pulogalamu, akulandira zingati, ndiponso angati apeza satifiketi. Chikalephera kufika pa zomwe chinagwirizana ndi Washington kwa zaka ziwiri zotsatizana, ndalama za bwanamkubwa zija zimadulidwa. Vuto la muyezowu n'lakuti umakopa maofesi kukondera anthu osavuta kupezera ntchito, pomwe lamuloli linaikidwa makamaka chifukwa cha ovutikitsitsa.